Sizasi ya Choko Pansi pa Silinda

"Inu amayi, pakhonde pano simuchokapo tsiku lonse. Munaonapo chachilendo dzulo?"

"Ayi, bwana," ndinatero.

Limenelo ndiye linali bodza langa loyamba, ndipo linatuluka mosavuta moti ndinadzidabwa ndekha. Ine telala, zaka makumi awiri ndili pa makina, amene pa mdadada wathu wonse wa makomo asanu ndi limodzi amati a Telala akanena kanthu ndiye kuti ndi momwemo. Wondifunsayo anali mayi wapolisi, wamfupi, wa magalasi omanga ndi kawaya mbali imodzi. Kumbuyo ndinali nditabereka mwana wa miyezi inayi, mwana wa eni, ndipo chiyambire kulira dzulo lake mawu anali atasasa.

Mayi wa mwanayo anagona m'chitokosi. Ndi mtsikana wa khomo lachiwiri, loyandikana ndi langa, mkazi wa makaniko. Tonse timangomuti make mwana. Dzulo lakelo, Lachiwiri, cha m'ma folo koloko anabwerako ku sikelo n'kupeza apongozi ake aamuna atauma pa mkeka m'khitchini, fungo la gasi lili guu. Mkuluyo tinkamutcha a Wayilesi, chifukwa kulikonse kumene ali, ngakhale ku bafa, kawayilesi kawo kanali pakhutu. Apolisi atabwera anatenga mtsikanayo. Pokwera galimoto anamasula mwana kumbuyo n'kundipatsira ine.

"Amayi, ndisungireni. Pano ndimadalira inu nokha."

Ine! Mwa anthu onse a pa mdadada uno, anasankha ine.

Wapolisi uja anapukuta magalasi ake pa kolala n'kundiyang'ana kanthawi.

"Ndiperekezeni," anatero. "Anthu a pano amamasuka ndi inu kuposa ndi yunifomu yangayi."

Ndikanakana bwanji? Ndinavundikira makina anga n'kumutsatira.

*

Pakhomo lachiwiri tinapeza mlamu wake wa make mwana, mwana wamkazi wa malemuwo. Amagulitsa m'sitolo ya nsapato, ndipo pakamwa pake sipafuna kukoka.

"Musandifunse zambiri, bwana, ndinalipo ine masanawo! Ndinapatuka kudzawaona bambo anga pa nthawi yopuma. Ndinapeza akukangana. Mtsikana ameneyu anatukula mawu pamaso pa apongozi ake, opanda ndi manyazi omwe. Mukudziwa zimene ananena? Anati, ‘Tsiku lina wayilesi imeneyi idzakhala chete m'nyumba muno!’ Ndi makutu angawa!"

"Ankanena wayilesi ya mabatire, kapena munthu?"

"Pano a Wayilesi ndi ndani? Afunseni a Telalawa."

Wapolisi ananditembenukira.

"Mwana anali atangogona," ndinatero. "Mkuluyo anakweza mpira wa pa wayilesi, mwana n'kudzuka. Ankanena chipangizocho, bwana. Pa mdadada pano palibe amene sanakhumbepo kukaponya kawayilesi kaja m'chimbudzi."

"Mukumuikira kumbuyo!" anakuwa mlamuyo. "Nanga zenera anatseka ndani? Chisanza pansi pa chitseko anatsinyira ndani? Anakoloweka chitseko kunja ndi ndani? Atatero n'kubereka mwana wake n'kumapita, mtima uli zii. Bambo anga anafa ngati khoswe m'chigubu!"

Pamenepo analira, kulira kwenikweni, kosanamizira. Ndinamugwira phewa, koma dzanjalo ndinalibweza msanga.

"Inu munachoka nthawi yanji?" anafunsa wapolisi.

"Hafu pasiti thwelofu."

"Fungo lililonse?"

Mlamuyo anazengereza. "Kafungo pang'ono. Ndinati ndi mmene zimanunkhira zinthu zimenezi. Ine kwanga ndimaphikira magetsi."

"Munamuuza wina aliyense?"

Anangopukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu n'kuyang'ana kumbali.

*

Khitchini ya khomo lachiwiri ndi kachipinda kongoonjezera kuseri, kopapatiza, kolowera mochita kutsika sitepe imodzi. Zenera ndi limodzi, laling'ono, m'mwamba. Mkeka unali pomwepo, pilo wa malemu ali ndi chibowo cha mutu wawo. Sitovu inali pa tebulo, koma silinda apolisi anali ataitulutsa dzulo lomwe n'kuiimika panja pansi pa chingwe choyanika zovala.

Makaniko, mwamuna wa make mwana, anali atakhala pa sitepe ija, ovololo yake ya dzulo ikadali m'thupi. Ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo tsiku limeneli anali ngati akuwagula.

"Bambo anu ankagona m'khitchini chifukwa chiyani?"

"Msana. Pabedi ankati pakuwapha. Masana ankagona pansi muno. Muli phee."

"Zenera?"

"Ankadana ndi mphepo. Ankamuuza okha mkazi wanga kuti atseke. Chisanzacho n'cha fumbi, kuseriku akumanga. Chitseko chimamenyetseka, ndiye timakoloweka kunja."

"Fungo lonse lija osadzuka?"

"Anapenta nyumba zaka makumi atatu. Mphuno inafa kalekale. Mukanawayandikizira nsomba yoola akanati ndi buledi."

Wapolisi anagwada n'kuika chikhatho pa simenti.

"Gasi ndi wolemera kuposa mpweya umene timapumawu," anatero, ngati akudziyankhulira yekha. "Akatuluka sakwera m'mwamba ngati utsi. Amatsika n'kudikha pansi ngati madzi m'beseni. Woimirira amangomva kafungo. Wogona pa mkeka m'kachipinda kotsika chonchi amabanika asanadziwe n'komwe. Mwayi wake palibe anayatsa machesi kapena kudina switchi, bwenzi mdadada wonsewu tikuutola m'malata."

"Silindayo ndinagula ndine," anatero makaniko mwadzidzidzi. "Kuti asamatsamwe ndi utsi wa makala. Ndinkati kumangirira ndizimangirira ndekha ndikaweruka. Zoti akatha kuphika azitsekanso kukhosi kwa silinda, sindinamuphunzitse. Ndinkati ndidzamuonetsa." Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Mumange ine, bwana."

"Musathamange, achimwene. Sitovu tinaipeza yotseka mbali zonse ziwiri. Ndiye gasiyo anatulukira pati?"

Mwana kumbuyo kwanga anayambanso kulira. Ndinathokoza, chifukwa ndinapeza chonamizira chotembenukira kukhoma.

*

Panja wapolisi anapempha beseni, madzi ndi sopo. Anthu a makomo ena anaima patali, manja m'chiuno. Anauza wometa wa khomo lachisanu kuti azimitse ndudu yake kapena achoke, ndipo wometayo anaiponda msangamsanga. Kenako wapolisiyo anatakasa thovu, navekera leguleta, kachipangizo kaja kolumikiza paipi kukhosi kwa silinda, n'kupaka thovulo paipi yonse. Palibe chinachitika. Anapaka pakhosi penipeni.

Thovu linafufuma, n'kuphulika, n'kufufumanso. Ndi kaphokoso komwe, kakang'onong'ono. Psiii.

Kaphokoso kameneko ndinkakadziwa.

Anatseka, navula leguleta, n'kutokosa m'khosi mwa silinda ndi chotsekera cha cholembera chake. Munatuluka kamphira kakuda kozungulira, kochepa ngati mphete ya khanda. Anakakweza kudzuwa. Kanali kong'ambika mbali imodzi.

"Wadula ndi lezala!" anakuwa mlamu uja. "Sindinanene ine?"

"Ngati kadulidwa dala," anatero wapolisi pang'onopang'ono, "ndiye kuti nkhaniyi si ya kusasamala. Ndi ya kupha munthu mochita kukonza."

Tsono lekani ndikuuzeni zimene sindinamuuze iye.

Wogulitsa gasi amabwera pa njinga yamoto, ndipo popeza ine sindichoka pakhonde, masilinda a anthu onse amasiya pa ine. Lachiwiri cha m'ma teni anasiya awiri, yanga ndi ya khomo lachiwiri, zofanana mtundu, zofanana msinkhu. Anandilozera yanga n'kuthamangira kwina. Ndinailowetsa, n'kuvekera leguleta yanga. Psiii. Fungo linandimenya m'mphuno. Ndinavula, n'kuvekeranso. Psiii.

Chofunika chinali chapafupi, mwana amene akanachidziwa: kuitulutsa panja pa mphepo, kumuimbira mwini wake adzaitenge. Koma ndinali ndi madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi ofunika Lachitatu, tiyi ndisanamwe, ndipo wogulitsayo akapita amabweranso mawa lake. Ndinayang'ana silinda inayo ili chiimire pakhonde. Ndinati, aaa, kumeneko kuli makaniko, akaweruka madzulo akaona yekha, kwa iye ndi ntchito ya mphindi imodzi. Ndinasinthanitsa.

Cha m'ma leveni make mwana anabwera kudzatenga. Anaikoka n'kufunsa, mongocheza, "Ili bwinobwino iyi, amayi?"

"Bwinobwino," ndinatero, singano ili pakamwa, maso ali pa diresi.

Mawu amodzi okhawo. Sindinadziwe kuti gasi wawo anali atatheratu m'mawa, kuti mtsikanayo amangirira yekha masana omwewo kuti awiritse madzi a mwana. Akulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kwathu kuno zinatembenuka: nkhuyu ndinadya ndine wamkulu, koma amene zinkamupota m'chitokosi anali mwana wa eni.

"A Telala, mwatuluka thukuta," anatero wapolisi.

"Ndi mwanayu, bwana. Akutentha kumsana."

Bodza lachiwiri.

*

Wogulitsa gasi, amene wapolisi anamuitanitsa, anafika dzuwa lili paliwombo, chipewa cha njinga chili m'khwapa. Ndi mkulu wolongolola, amene aliyense, ngakhale mbuzi, amamutcha bwana wanga.

"Lezala? Ayi, bwana wanga, tabweretsani ndione. Iyayi. Lezala imadula mosalala. Aka kang'ambika ndi ukalamba, onani m'mbalimu mmene kaumira. Ine kawirikawiri ndimayesa ndi sopo ndisanakweze pa njinga, koma dzulo, ndisaname pamaso pa maliro, ndinathamanga. Sindinaziyese zonse. Komabe, bwana wanga, silinda yotere siibisa matenda ake. Imalira. Aliyense amene ndimamugulitsa ndimamuuza: ikalira, vulani, tulutsani panja, tsekulani mazenera, ndiimbireni. Amene anaimva ikulira n'kukhala chete, ameneyo ndiye mumufunse."

"Anamangirira ndi mtsikana uja," anatero mlamu uja. "Anaimva ndi iyeyo."

"Mukutsimikiza kuti silinda iyi ndi imene munabweretsera khomo lachiwiri?" anafunsa wapolisi. "Zonse n'zofanana."

"Kwa inu n'zofanana!" Mkuluyo anaseka, kenako anakumbuka kuti pali maliro n'kudzigwira. "Ine sukulu ndinangoisuzumira pa zenera, bwana wanga, kulemba maina sinditha. Koma kujambula ndiye musandiyese. Silinda iliyonse ndimaijambula ndi choko kunsi kwake, m'kati mwa mkombero woimirapowu, momwe sichifufutika. Wometa, chipeso. Aphunzitsi a khomo lachitatu, buku. Makaniko, sipanala. A Telalawa..."

Zaka zinayi ndikugula kwa munthu ameneyu, sindinayang'anepo kunsi kwa silinda. Ndani amayang'anako?

"Tapendeketsani tione," anatero wapolisi.

Mkuluyo anagwira kukhosi n'kuipendeketsa pang'ono, kunsi kukuloza kwa iye ndi kwa wapolisi amene anali atanyonyomala pambali pake. Ine ndinali mbali inayo. Sindinaone kanthu, koma ndinaona nkhope yake. Pakamwa paja panatseka. Anandiyang'ana kamodzi kokha, mwachangu, n'kubweza maso pansi.

"Chafufutika, bwana wanga," anatero motsitsa. "Mwina ndi madzi a sopowa."

Wapolisi anakhala chinyonyomalire kanthawi. Kenako anadzuka, nasasa fumbi pa siketi, n'kukankhira magalasi m'mwamba.

"Chabwino. Iimikeni. A Telala, mwanayo njala yamukwana. Tiyeni akayamwe kwa mayi ake."

*

Njira yonse sanandifunse kanthu. Akanandifunsa bwenzi zili bwinoko. Anangolankhula za mtengo wa ulusi ndi za siketi yake ya yunifomu imene inkafunika kubweza m'chiuno. Ine mumtima ndinkawerenga zimene ndingataye: dzina langa, makasitomala anga, khonde langa, mwinanso zaka zanga zotsalazi. Ndinkadziuza kuti kamphira kaja poti kapezeka kuti n'kokalamba, mtsikanayo amutulutsa basi. Ndinkadziuza kuti kuulula kwanga sikudzutsa a Wayilesi. Munthu ukafuna kudzinamiza, mfundo sizisowa.

Kupolisi, make mwana anamubweretsa m'kachipinda ka tebulo limodzi ndi mipando itatu. Usiku umodzi wokha, koma nkhope inali itagwa ngati wadwala mwezi. Bulauzi yake inali itanyowa kutsogolo ndi mkaka. Atangoona mwana anatambasula manja, ndipo mwanayo anagwira bere ndi ukali, akusisima. M'chipindamo munangomveka kumeza kwake.

"Zikomo, amayi," anatero osadzutsa mutu. "Mulungu akudalitseni. Anakuvutitsani usiku?"

"Ayi, mwanawe."

Wapolisi anatsegula buku lake.

"Silinda unamangirira wekha?"

"Eya, bwana. Kanali koyamba."

"Inalira?"

"Pang'ono. Ndi kafungo. Ndinati mwina ndi mmene zimachitira zikakhala zodzadza. Pophika chitseko ndi zenera zinali zotsekula, ndiye kafungoko kankatha."

"Sunakayike? Sunafunse munthu?"

Apa anadzutsa maso n'kundiyang'ana. Ndinaona kuti akukumbuka funso lake lija la pakhonde, ndi yankho langa. Zoti ndinasinthanitsa sankadziwa. Ankangodziwa kuti akatchula dzina langa, nanenso andikokera m'nkhani, ndipo mwana asowa womusunga. Anabweza maso pa mwana wake.

"Sindinafunse aliyense, bwana. Ndinangoganiza ndekha kuti ili bwino."

"Ukudziwa tanthauzo la zimene ukunenazi?"

"Ndikudziwa. Ndinawakalipira, munthu wamkulu. Zenera ndinatseka ndine. Chisanza ndinaika ndine. Pokoloweka chitseko anandiitana, anati, ‘Mpongozi, za wayilesi zija usasunge kukhosi, ndizichepetsa.’ Ine sindinawayankhe n'komwe, ndinali ndikadakwiya." Misozi inagwera pa mutu wa mwana. "Lembani kuti ndawapha ndine. Ndatopa. Mwanayu amayiwa andilerera."

Wapolisi anaika cholembera pa pepala, koma sanalembe. Anangodikira.

"Musalembe," ndinatero.

Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina.

"Silinda ija ndi yanga. Kunsi kwake kuyenera kuti kuli sizasi. Ndinayamba kuimangirira ndine, inalira, fungo ndinalimva. Ndinasinthanitsa ndi yawo chifukwa ndinali pa changu cha madiresi. Mwanayu anafunsa. Anandifunsa ine, pakhonde panga, ngati ili bwino, ndipo ndinati bwinobwino."

Mwana anangopitiriza kuyamwa.

"Sizasiyo ndinaiona dzulo, pamene tinkaitulutsa m'khitchini," anatero wapolisi. "Sindinadziwe tanthauzo lake mpaka lero m'mawa nditaona sizasi pa chikwangwani cha pakhomo panu. Koma choko chimangonena kuti silinda ndi ya ndani. Sichinena amene anaimva ikulira. Zimenezo zinkafunika pakamwa panu, amayi, ndipo mwandiyendetsa tsiku lathunthu." Anatembenuza pepala n'kuyamba latsopano. "Iwe mwana, zako zotseka zenera tidzakambirana, koma lero ukagona kwanu. Ukalire apongozi ako."

Make mwana sanasunthe. Ndinkayembekeza kuti atukwana, andilavulira, andiponyera mpando. Ndikanalandira ndi manja awiri. Koma anangondiyang'ana ndi maso omwe aja a masiku onse, a mtsikana amene ndinamuphunzitsa kusambitsa khanda ndi kuika zipi pa siketi.

"Amayi," anatero motsitsa, "mukanangondiuza kuti ikulira. Sindikanakwiya ayi. Ndikanaisiya panja."



Anachotsa mwana kubere, namupukuta pakamwa, n'kuimirira. Nsalu yoberekera inali ikadali m'chiuno mwanga. Ndinaimasula n'kumupatsa, ndipo mwa chizolowezi ndinatambasula manja kuti ndimuthandize kukweza mwana kumsana monga ndinkachitira m'mawa uliwonse. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Anawerama, naponya mwana kumsana yekha, namanga mfundo, n'kutuluka.

"Khalani pansi, a Telala," anatero wapolisi, akukoka mpando umene mtsikanayo anasiya. "Tiyambire pa teni koloko."